Tisamanamize ana ndi mapointi a MSCE

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, mu Mzuzu muno aliyense amasanduka mlosi. Wakabaza wa ku Chibavi, mayi wogulitsa nthochi pa depoti, mkulu wa mpingo ku Katawa, onse funso lawo ndi limodzi: “Wapeza mapointi angati?” Mwana akati 14, mlandu watha pomwepo, ameneyu walowa basi, makolo ayambe kufunafuna sutikesi. Akati 24 nkhope zimagwa, ndipo dzuwa lisanalowe wina amakhala atatchula kale sukulu yoti mwanayo akabwerezeko Fomu 4.

Kulosera kotereku n'konamiza. Anthuwa alibe mtima woipa, koma nambala yomwe akuwerengayo si imene imagamula nkhani yonse. Ndipo poti nambala zenizeni zoti munthu n'kuloserera nazo sizifika m'manja mwa ana ambiri, mwana wa munthu wodziwa zinthu amalemba fomu ya ku yunivesite akuona komwe akupita, pamene mnzake wa ku CDSS amangolemba mwamwayi. Ichi ndicho chimandiwawa, makamaka poona kuti n'chinthu chotheka kuchikonza popanda kumanga ngakhale kalasi imodzi.

Tiyambe ndi komwe mapointi amachokera. Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba, limapereka giredi pa phunziro lililonse kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi omwe timafunsana m'misewu aja amabwera pophatikiza magiredi a maphunziro 6 omwe mwana wakhoza bwino kwambiri, Chingerezi chili momwemo. Wopambana kotheratu amapeza 6. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza kuti onse opikisana amakhala pakati pa mapointi 6 ndi 36.

Nambala imodziyi imabisa chinthu chachikulu, chomwe ndi maphunziro amene aipanga. Tinene kuti pali ana awiri. Woyamba wapeza 1 pa Chichewa, 1 pa Bible Knowledge, 2 pa History, 2 pa Agriculture, 3 pa Chingerezi ndi 4 pa Biology. Mapointi ake ndi 13, ndipo kwawo nkhuku yaphedwa. Koma Masamu wapeza 6, Physics 6, Chemistry 5, zomwe sizidalowe m'chiwerengero chifukwa zidaposedwa ndi zinazo. Wachiwiri wapeza 2 pa Masamu, 2 pa Physics, 3 pa Chemistry, 2 pa Biology, 4 pa Chingerezi ndi 4 pa Geography. Mapointi ake ndi 17, ndipo achibale akungoti “wayesetsa.” Tsopano onse awiri afunsira kosi ya uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS kapena ya MUST. Mlosi wa pa depoti uja anena kuti wa 13 ali patsogolo. Koma kosi ya uinjiniya imayang'ana Masamu ndi Physics, ndipo pa maphunziro amenewo wa 17 wamusiya mnzakeyo kutali. Kuweruza mwana ndi mapointi okha kuli ngati kugula thumba la chimanga pongoona kukula kwake, osalowetsamo dzanja.

Izi si chinsinsi kwenikweni. Bungwe la NCHE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo limalumikiza ntchito yosankha ana m'mayunivesite a boma, limalemba pa kosi iliyonse maphunziro omwe akufunika. Mayunivesitewo ndi 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo ndi Mzuni kwathu kuno ku Luwinga. Atatu oyambawo adali yunivesite imodzi mpaka 2021 pomwe adagawidwa. Aliyense mwa awa ali ndi makosi ambiri, ndipo kosi iliyonse ndi mpikisano wakewake, wokhala ndi malo akeake ndi opikisana akeake. Palibe mndandanda umodzi wa dziko lonse woti mwana n'kunena kuti ine ndili nambala yakuti, choncho ndalowa. Funso lakuti “ndi 15 ndilowa?” lilibe yankho. Loyenera kufunsa n'lakuti, ndi magiredi awa pa maphunziro awa, pa kosi iyi ndili pati?

Koma ngakhale funso loyenerali, zomwe zalembedwa pa chikalata choitanira ofunsira sizilithetsa. Chikalatacho chimanena zochepetsetsa zoti munthu alandiridwe pa mpikisano, mwachitsanzo kirediti pa Masamu. Sichinena kuti chaka chatha womaliza kutengedwa pa kosiyo adali ndi giredi yanji. Pakati pa ziwirizi pali mtunda wautali, ndipo ana ambiri amagwera pomwepo. Mwana amawerenga kuti pakufunika kirediti, iye ali ndi 5, n'kuganiza kuti zatheka, osadziwa kuti pa kosi imeneyo amene ali ndi 2 nawonso ena amatsala.

Onjezani apa masamu ang'onoang'ono. Kuchokera pa 6 kufika pa 36 pali nambala 31 zokha. Zaka zambiri ana olemba MSCE amaposa 100,000 pa chaka, ndipo ngakhale titachotsa onse osakwanitsa makirediti 6, otsalawo ndi zikwizikwi. Mukawagawa m'magulu 31, gulu lililonse lapakati likhala ndi ana mazanamazana ofanana mapointi ndendende. Mwana wa mapointi 16 sali yekha pa 16. Malikisi enieni omwe akadasiyanitsa ana amenewa sawaona, chifukwa pepala la zotsatira limangoonetsa giredi. Giredi 3 ya uyu mwina idangotsala pang'ono kukhala 2, pamene ya winayo idapulumukira pa mphuno kukhala 4. Ndiye amene akukuuzani motsimikiza kuti mwana wanu ali pa nambala yakutiyakuti m'dziko muno akungokusangalatsani.

Zaka nazonso sizifanana. Mu 2020 mayeso a MSCE adabedwa, boma n'kuwathetsa mu Novembala, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021, ndipo amene adakhoza sadafike theka. Mapointi 18 a chaka ngati chimenecho sangalemere chimodzimodzi ndi 18 a chaka chomwe ana ambiri akhoza bwino. Komanso pa mpikisano sipakhala a chaka chimodzi okha. Pamabwera amene adalemba zaka zapitazo ndipo akuyesanso mwayi, pamabweranso olemba mayeso akunja a IGCSE. Yunivesite ikatsegula kosi yatsopano kapena kuwonjezera malo, malire amasuntha.

Chomwe chimasokoneza kwambiri alosi athu ndi chakuti timangomva za amene adalowa. “Mwana wa a neba adalowa unamwino ndi 19.” Zoona, ndipo mudzi wonse ukudziwa chifukwa kudali phwando. Koma ana ena asanu a 19 omwe adafunsira kosi yomweyo n'kutsala palibe adawaimbira nthungululu. Adangokhala chete, wina ali pa shopu ya amalume ake ku Mchengautuwa, wina adapita ku Joni. Nkhani zomwe zimayenda ndi za opambana okha, ndiye malire omwe timawaganizira m'mitu mwathu amakhala ofewa kuposa enieni. Palinso bodza lotembenuka, la mwana wa mapointi 10 yemwe adatsala, lomwe limafooketsa onse a 20, pamene chifukwa chomwe adatsalira n'chakuti adalemba makosi okhaokha omwe dziko lonse limalimbirana.

Zoterezi ndidazionapo mu kashopu kena kotayipira ndi kufotokopa pafupi ndi msika waukulu, nyengo ya mafomu. Mtsikana adakhala pa benchi atagwira pepala la zotsatira lokulungidwa mu jumbo kuopa mvula, amalume ake ataima pambali chipewa chili m'manja. Mnyamata wa pa kompyuta amafunsa kosi yoyamba, amalume n'kuyankha, “Udokotala.” Yachiwiri, “Za mankhwala zija.” Yachitatu, “Za mano.” Mtsikanayo adayesa kunong'ona kuti, “Amalume, Chemistry ndidapeza 5,” koma adamudula. “Iwe, mapointi 15 ndi ochepa? Usadziderere.” Mnyamata wa pa kompyutayo adangotayipa, poti ntchito yake ndi kutayipa. Palibe mwa atatuwo amene adali ndi pepala loonetsa kuti pa makosi amenewo chaka chapitacho anthu adalowa ndi magiredi otani. Amalumewo sindikuwadzudzula. Amafunira mwana wa mlongo wawo zabwino, ndipo amagwiritsa ntchito nambala yokhayo yomwe dziko lidawaphunzitsa kuilemekeza. Koma makilomita ochepa kuchoka pa benchiyo pali Mzuni, yomwe idatsegulidwa mu 1999 ndipo ili ndi makosi a uphunzitsi, zankhalango, zansomba, zokopa alendo, zamalo, zamadzi, zamaso ndi ena, ndipo ena mwa amenewa mtsikanayo akadatha kupikisanapo bwino. Pa fomu yake sadalembepo ngakhale imodzi.

Mwana wa ku sukulu zodziwika, monga Marymount, Mzuzu Government kapena Chaminade ku Karonga, nthawi zambiri sagwa mumsampha umenewu. Si kuti ali ndi nzeru zoposa. Sukulu yake imatumiza ana ambiri ku yunivesite chaka ndi chaka, ndiye aphunzitsi amadziwa pamtima kuti kosi yakuti imafuna otani, ndipo akale amabwera pa holide kudzafotokozera ang'ono awo. Sukulu yomwe imatumiza mwana mmodzi kapena awiri pa chaka, mwinanso osatumiza n'komwe, ilibe pophunzirira. Mwana wake adalimbana kale ndi kusowa kwa labotale ndi mabuku, wafika pa makirediti 6 movutikira, kenako pa khomo lomaliza akutayika chifukwa chosowa uthenga womwe sufuna ndalama zambiri kuti ufalitsidwe.

Kuno kumpoto nkhani ya kusankha ana ili ndi chipsera chake. Ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera boma lomwe mwana akuchokera, idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, khoti n'kuithetsa mu 1993. Idabwereranso mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, yomwe likulu lake lili mu mzinda uno, idali patsogolo kuitsutsa. Boma lidalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Za ubwino kapena kuipa kwa kota tidakangana mokwanira, sindibwerezanso pano. Chomwe idatisiyira ndi kukayikira. Mpaka lero mwana wa mapointi abwino akatsala, ganizo loyamba la makolo ambiri ku Zolozolo kapena ku Ekwendeni n'lakuti pachitika za mseri. Mwina mwanayo adangosankha molakwika, mwina Masamu adamugwetsa, koma popanda nambala zoonetsa, ndani angawatsutse makolowo? Amene akufuna kuti anthu akhulupirire kuti kusankha kukuyenda mwachilungamo ndiye ayenera kukhala woyamba kuyala nambala poyera.

Chimene ndikupempha n'chophweka. Nthawi yolengeza osankhidwa, zomwe zimatifika pa wailesi ndi m'nyuzipepala ndi ziwerengero zikuluzikulu: adafunsira angati, oyenerera angati, atengedwa angati, anyamata angati, atsikana angati. Izi n'zothandiza nduna ndi atolankhani. Mwana wa Fomu 4 akufunika tebulo la kosi iliyonse payokha: malo adalipo angati, adafunsira angati, maphunziro omwe adawerengedwa ndi ati, womaliza kutengedwa adali ndi magiredi otani pa maphunzirowo, ndipo ofanana adawasiyanitsa bwanji. Likhale la zaka zitatu zapitazo, kuti munthu aone ngati malire akukwera kapena akutsika. Nambalazi zilipo kale, poti kusankhako kumachitika ndi nambala zomwezo. Ndipo tebulolo lisangokhala pa intaneti pomwe mwana wa ku Choma kapena ku Nkhorongo afunika bandulo kuti alione. Lisindikizidwe, lipite limodzi ndi mafomu ku sukulu iliyonse ya sekondale, limatidwe pa bolodi.

Ndikudziwa zomwe ena anena. Choyamba, ati malire amasintha chaka ndi chaka, ndiye mukawafalitsa ana adzawatenga ngati lonjezo, akatsala n'kuyamba kuloza zala. N'zoona kuti amasintha, ndanena kale ndekha. Koma panopa ana akulosera kale, kungoti akulosera ndi nkhani za pa maliro ndi za m'magulu a WhatsApp. Nambala ya chaka chatha yolembedwa bwino, ndi chenjezo lakuti itha kusuntha, iposa kutali mphekesera ya mwana wa a neba.

Chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sindichipeputsa. Ati mwana akaona kuti udokotala umafuna ma 1 ndi ma 2 adzadziderera, makamaka atsikana ndi ana akumudzi omwe kale amauzidwa kuti zinthu zazikulu si zawo. Mantha amenewa ali ndi maziko. Koma taganizirani mwana wa Fomu 3 yemwe waona tebulolo chaka ndi theka asanalembe mayeso. Wadziwa kuti loto lake likudalira Chemistry, osati kuchuluka kwa ma 1 pa maphunziro ena, ndipo nthawi yolimbikira ikadalipo. Panopa ana ambiri amathamangira maphunziro omwe akuti ndi “otsitsa mapointi,” n'kumanyalanyaza Masamu, chifukwa ulemu wonse kunyumba ndi kusukulu uli pa nambala imodzi ija. Sukulu zina nazo zimakonda zimenezi poti mapointi otsika ndiwo amaitana makolo. Mwana amadzazindikira mochedwa kuti 13 yake siitsegula khomo lomwe amafuna. Kumubisira malire sikumuteteza ku kukhumudwa, kumangochedwetsa kukhumudwako mpaka nthawi yomwe sangachiteponso kanthu. Ndiponso fomu imalola makosi angapo motsatana. Palibe choletsa kuika loto lake pamwamba, bola m'munsimo muli makosi omwe magiredi ake akukwanira bwino.

Chachitatu amachinena monong'ona. Ngati pali kuganizira mwapadera atsikana, ana aulumali kapena ochokera m'sukulu zosowa zipangizo, tebulo lidzaonetsa kuti ena adalowa ndi magiredi otsikirapo, ndipo padzabuka phokoso. Ine ndikuti libuke. Ndondomeko yothandiza mtsikana wa ku CDSS ndimaivomereza ndi mtima wonse, ndipo ndi ndondomeko yoti munthu atha kuiteteza pamaso pa anthu. Ikabisidwa ndi pomwe imaoneka ngati chinyengo, ndipo mtsikana amene idapangidwira kuti imuthandize sadziwa n'komwe kuti mwayi wake ndi wokulirapo kuposa momwe akuganizira, ndiye safunsira.

Pali phindu lina lomwe sitiliwerengera. Banja lodziwa msanga kuti mwayi wa mwana ku mayunivesite a boma ndi wochepa limayamba msanga kuyang'ana kwina, m'malo modikira miyezi yambiri mndandanda womwe dzina lake silidzatulukapo. Mu Mzuzu ndi madera oyandikana muli Mzuzu Technical College, St John of God, koleji ya zaumoyo ya ku Ekwendeni ndi University of Livingstonia, ndipo malo onsewa ali ndi nyengo zawo zofunsira zomwe sizidikira munthu. Nkhani yobwereza Fomu 4 nayo ingayende mwanzeru. Mwana wa mapointi 22 yemwe makosi omwe akufuna akumukwanira alibe chifukwa chotayira chaka ndi fizi. Wa 14 yemwe ali ndi 7 pa Masamu koma mtima uli pa uinjiniya ndiye woyenera kuganiza zobwereza, ngakhale mudzi wonse ukumuyamikira.

Podikira kuti akuluakulu achite zawo, sukulu za mu mzinda uno zitha kuyamba zokha. Mphunzitsi wamkulu aliyense ali ndi magiredi a ana ake, ndipo mndandanda wa osankhidwa umatuluka poyera. Chotsala ndi kope limodzi lolembamo mwana aliyense amene adafunsira, magiredi ake pa phunziro lililonse, makosi omwe adalemba motsatana, ndi zomwe zidatsatira, kuphatikizapo amene adatsala, poti iwowo ndiwo amaonetsa pomwe malire ali. Maina safunika kuonekera kwa ena. Sukulu imodzi yaing'ono siingapeze zambiri, koma sukulu za Katoto, Luwinga, Chibavi, Masasa, Lupaso ndi zina zitaphatikiza makope awo, pakutha zaka ziwiri kapena zitatu pakhala chithunzi chooneka. Ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kumpoto ili mu Mzuzu momwemuno ndipo aphunzitsi aakulu amakumanako kale pa nkhani zina. Aike ichi pa ndandanda ya zokambirana, ndipo mphunzitsi mmodzi pa sukulu iliyonse apatsidwe udindo wokhala pansi ndi mwana aliyense wa makirediti 6, pepala la zotsatira lili patsogolo, fomu isanatumizidwe.